Kulima ndere zodyetsa nsomba za m'thanki popanda kupha zomera

Ndinagula tinsomba 6 ta mtundu wa Otocinclus chifukwa magalasi a thanki yanga ya malita 100 anali atachita bii ndi ndere zofiirira. Pasanathe sabata, thanki inayera mbee, masamba a zomera akuchita kunyezimira. Ndinasangalala kwambiri. Koma mwezi usanathe, tinayi tinali titafa, ndipo nditatiyang'anitsitsa ndinaona kuti mimba zake zinali zitalowa m'kati. Sikanali kachilombo kapena madzi oipa. Inali njala. Tinamaliza ndere zonse, ndipo zakudya za m'paketi zimene ndinkaponyamo sitinkazidziwa n'komwe kuti n'zakudya. Zinandiwawa, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kuona ndere ngati uve. Kwa nsomba zoterezi ndere ndiye nsima.

Vuto lake ndi lakuti thanki imene zomera zikukula bwino siikhala ndi ndere zambiri. Zomera ndi ndere zimalimbirana zinthu zomwezo: kuwala, michere ya m'madzi yotchedwa nitrate ndi phosphate, ndi mpweya wa carbon dioxide. Zomera zikakhala zamphamvu zimalanda zonse, ndere n'kusowa polowera. Mukati muwonjezere kuwala ndi feteleza kuti ndere zichuluke, zimene zimabwera si zija nsomba zimadya zokha ayi, zimabweranso zaubweya zakuda zomwe zimaphimba masamba mpaka kuwaola. Paja walira mvula walira matope. Njira imene yandithandiza ndi yolekanitsa ntchito ziwirizi: zomera zizikula m'thanki, ndere zambiri zizilimidwa panja pa miyala, n'kumazibweretsa ngati mmene timabweretsera msipu kwa mbuzi ya m'khola.

Choyamba, dziwani chimene nsomba yanu imadya

Musanatole ngakhale mwala umodzi, dziwani kaye nsomba imene muli nayo, chifukwa mawu akuti "yodya ndere" ogulitsa amawagwiritsa ntchito pa nsomba zosiyana kwambiri.

Otocinclus ndi kansomba ka ku South America, kotalika masentimita 3 mpaka 5, kamene kamakonda kukhala pagulu. Kamadya ndere zofewa zokhazokha: zofiirira zija zimachoka mukangokhudza ndi chala, zimene akatswiri amati diatoms, komanso zobiriwira zopyapyala ngati utoto. Timadontho tobiriwira tolimba tomwe timakakamira pagalasi sikangathe kutipala, ndipo zaubweya zakuda sikaziyandikira. Tambiri timagwidwa m'mitsinje n'kuyenda ulendo wautali tisanafike m'sitolo, choncho timafika kunyumba kwanu tili kale tanjala. Ndi kansomba kameneka kamene kafunika malangizowa kuposa ina iliyonse.

Ancistrus, ija yamphongo yake imamera tindevu pamphuno, imakula mpaka masentimita 12 kapena 15. Imapala mwamphamvu, imalandira ndiwo zamasamba mosavuta, ndipo imafuna chikuni chonyowa m'thanki choti izitafuna. Siamese algae eater ndi imodzi mwa zochepa zimene zimadya ndere zakuda zaubweya, koma ikakula imayamba kukonda zakudya za m'paketi. Chenjerani ndi ina yofanana nayo dzina, Chinese algae eater, imene imakula kupitirira masentimita 20, n'kukhala yankhanza, mpaka kumakakamira pathupi pa nsomba zinzake. Pleco wamba, nsomba inanso yogulitsidwa ngati yodya ndere, naye amafika masentimita 40. Kamwana kamene mwagula lero sikadzakwanamo m'thanki yaing'ono. Ndipo ikakukulirani nsomba yachilendo, ipatseni mnzanu woweta kapena ibwezeni kumene munagula. Musaitaye mumtsinje kapena m'damu, chifukwa ikaswana kumeneko palibe amene angaichotsenso.

Ndiye pali mbuna zathu za m'nyanja ya Malawi. Amene anasambirapo pa Otter Point kapena pachilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, m'dera lotetezedwa limene linakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, anaona mmene timagulu ta nsomba zabuluu ndi zachikasu timakhalira tikujompha miyala tsiku lonse. Pamiyalapo pamakhala ndere zosakanikirana ndi tizilombo ting'onoting'ono, zimene ofufuza amazitchula ndi liwu lachijeremani lakuti aufwuchs. Geoffrey Fryer, amene anafufuza nsombazi kufupi ndi Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, anaonetsa kuti mtundu uliwonse uli ndi kadyedwe kake. Labeotropheus ili ndi pakamwa pansi pa mphuno yonenepa, choncho imapala thupi lili chogona motsatira mwala. Petrotilapia ili ndi milomo yodzaza ndi timano tambirimbiri tomwe imapesera ndere ngati chipeso. Matumbo a mbuna zodya ndere ndi aatali, opangidwira zakudya zamasamba, ndipo oweta ambiri aona kuti kuzidyetsa zanyama zochuluka kumathandizira matenda otupa mimba amene dziko lonse limawatcha Malawi bloat. Mbuna zimafukula ndi kudya zomera zofewa, choncho m'thanki yawo dzalani zolimba monga Anubias ndi Java fern zomangirira pamwala, kapena Vallisneria imene imameranso m'nyanjamo. Musaziike pamodzi ndi Otocinclus. Mbuna n'zaukali, ndipo zimafuna madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi; nambala ikatsika, asidi wachuluka) ya 7.8 mpaka 8.5, pamene Otocinclus kamakonda madzi ofewa a pH yozungulira 7 kapena kutsikirapo pang'ono.

Chachiwiri, lekani kupala paliponse

Ichi n'chosavuta ndipo mungayambe lero. Palani galasi lakutsogolo lokha. Lakumbuyo ndi am'mbali asiyeni azichita ndere. Miyala ndi zikuni za m'thanki musamazitulutse kukazikwecha. Ngati pali malo amene kuwala kumagunda kwambiri ndipo palibe chomera, ikanipo mwala wophwatalala.

Nyali ya thanki iziyaka maola 8 patsiku. Mukaona kuti ndere sizikumera n'komwe, onjezerani theka la ola pa sabata, koma musapitirire maola 10. Ikani timer, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi yake, ngati muli nayo, chifukwa kuyatsa lero maola 5 mawa 14 ndiko kumaitana ndere zoipa. Magetsi akazima tsiku lonse, musabwezere maolawo usiku; pitirizani mawa monga mwa nthawi zonse. Ngati pamwamba pa madzi padzaza zomera zoyandama, chotsani theka, chifukwa zimatchinga kuwala ndipo zimamwa nitrate mofulumira kuposa zomera zina zonse. Amene ali ndi zoyezera madzi asunge nitrate pakati pa mamiligalamu 10 ndi 20 pa lita. Ikafika pa 0, zomera ndi ndere zomwe zimaima kukula.

Zimenezi zingakwanire ngati muli ndi Ancistrus imodzi m'thanki yaikulu. Kwa gulu la Otocinclus kapena mbuna, sizikwana. Zimadya msanga kuposa mmene ndere zimamerera.

Chachitatu, konzani munda wa miyala

Pezani beseni kapena chidebe chapulasitiki cha malita 15 mpaka 20, chotakata osati chakuya. Choyera kapena choonekera m'kati chimaposa chakuda, chifukwa chakuda chimatenthetsa madzi. Chikhale chatsopano, kapena chimene sichinakhalemo sopo, mafuta, kapena mankhwala a mbewu. Ndowa yachitsulo isiyeni, imasungunulira zinc m'madzi. Beseni limeneli likhale la nsomba basi, ndipo auzeni a m'nyumba, chifukwa beseni lokhala pakhonde silichedwa kutengedwa kukachapira.

Miyala ikhale yosalala, yophwatalala, yaikulu ngati chikhatho kapena chibakera. Yosalala ndi yabwino chifukwa pakamwa pa nsomba zimenezi pamakakamira bwino pamalo osalala, ndipo yotuwa imakuthandizani kuona ndere zikayamba. Tolani 12 kapena 15, kuti muzigawe magulu atatu. Yokhala ndi mizere yadzimbiri kapena yonyezimira ngati chitsulo itayeni. Dontheza vinega pamwala uliwonse: ukachita thovu, ndiye kuti uli ndi laimu ndipo udzakweza pH ya madzi. Woterewu ndi wabwino kwa mbuna, koma osati kwa Otocinclus. Zidutswa za mphika wadothi wosapakidwa utoto kapena za matailosi osapaka zimagwiranso ntchito bwino lomwe.

Kumene mwatenga miyalayo n'kofunika. M'dera lotetezedwa la nyanja simuloledwa kutenga kanthu. Miyala ya mumtsinje kapena m'damu, ngakhale ikhale ndi ndere zokongola kale, musaiike m'thanki mmene ilili. Ikhoza kubwera ndi nkhono zofalitsa likodzo, misundu, mazira a tizilombo, ndi ana a tombolombo amene amagwira tinsomba tating'ono. Ikwecheni ndi bulashi m'madzi opanda sopo, muithire madzi otentha, muiyanike padzuwa masiku awiri kapena atatu. Osaiphika pamoto, chifukwa ina imakhala ndi timphako m'kati ndipo imatha kuphulika.

Yalani miyalayo pansi pa beseni osasanjikiza, kenaka thirani madzi mpaka aphimbe miyala ndi masentimita 5 kapena 10. Madzi abwino koposa ndi aja mumachotsa m'thanki posintha madzi sabata iliyonse. Ali kale ndi nitrate ndi phosphate zochokera ku ndowe za nsomba, alibe klorini, ndiponso ali ndi mbewu za ndere zomwe nsomba zanu zinazolowera. Kuti ziyambe msanga, palani pang'ono galasi lakumbuyo la thanki, mutsukuluzire siponjiyo m'besenimo, kapena finyiranimo thonje la m'sefa. Madzi adzaoneka akuda, ndipo ndi mmene afunikira kukhalira. Ngati mukuyamba kumene ndipo mulibe madzi akale, tungani a pampopi muwasiye tsiku lathunthu osavundikira, kapena muthiremo mankhwala ochotsa klorini, kenaka muwazemo zakudya za nsomba zotsina ndi zala ziwiri kuti ziwolere momwemo.

Za feteleza ndimafunsidwa kawirikawiri. Madzi akale a m'thanki nthawi zambiri amakwanira okha. Ngati muli ndi feteleza wamadzi wa zomera za m'thanki, thirani muyeso umene walembedwa pabotolo kapena kuwirikiza kawiri, popeza m'besenimo mulibe nsomba. Wa kumunda ine sindimulimbikitsa. Ndi wamphamvu kwambiri, amatulutsa ammonia amene ndi poizoni kwa nsomba, ndipo dzanja silichedwa kupyoza muyeso. Manyowa a nkhuku kapena a ng'ombe ayi ndithu.

Tsopano malo. Beseni likhale pamene dzuwa lam'mawa limawomba maola 4 kapena 5, koma masana pakhale mthunzi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa la masana limatenthetsa madzi osaya mpaka ndere kupsa, n'kusanduka zotuwa zonunkha. Mu Juni ndi Julayi, makamaka m'malo okwera ngati Dedza kapena Mzuzu, lisunthireni pamene dzuwa limakhalitsa, ndipo yembekezerani kuti zichedwa. Nthawi ya mvula liikeni pansi pa denga la khonde, chifukwa mvula imasukulutsa madziwo, komanso madzi otsika pamalata amabwera ndi zinyalala. Amene amakhala m'nyumba zosanja kapena kumayiko ozizira angaike chidebe pawindo, kapena pansi pa nyali ya LED yoyaka maola 14 mpaka 16. Popeza mulibe nsomba kapena zomera, kuwala kochuluka sikuwononga kanthu.

Pali nkhani imodzi imene sindifuna kuti muidumphe. Madzi osayenda a padzuwa ndi malo oswanira udzudzu, ndipo palibe amene angafune kubweretsa malungo pakhomo chifukwa cha nsomba. Vundikirani beseni ndi nsalu yoonekera ya timabowo ting'onoting'ono, monga ya katani yakale yotsukidwa bwino, n'kumanga m'mbali ndi mphira. Koma musagwiritse ntchito masikito ogonamo. Masikito ambiri amene timalandira kapena kugula amakhala onyikidwa m'mankhwala opha udzudzu, ndipo mankhwala amenewo amapha nsomba ngakhale atakhala ochepetsetsa. Mame kapena mvula ikadutsa pa neti yotere n'kudonthera m'beseni, miyala yanu yonse yasanduka chiphe. Chimodzimodzinso mankhwala opopera m'nyumba: tsiku lopopera, beseni ndi thanki zomwe zikhale zovundikira bwino. Ngati muli ndi kapampu ka mpweya kapadera, ikani kapaipi kake m'besenimo. Madzi oyenda udzudzu suwakonda, ndipo ndere zomera pamiyala zimakula bwino m'madzi oyenda kusiyana ndi odikha.

Kenaka dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyengo yotentha, pakatha masiku 5 kapena 7 mwala umayamba kuterera mukaugwira, ngakhale maso asakuona kanthu. Kuterera kumeneko ndi chakudya kale. Pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu umakhala utachita biriwiri kapena kufiirira. Madzi akaphwa onjezerani, ndipo sabata iliyonse tayani theka n'kuthiramo ena ochokera m'thanki.

Chachinayi, kusinthanitsa

Tengani gulu loyamba, miyala 4 kapena 5, muitsukuluze mopepuka m'madzi a m'thanki omwe mwatungira m'kachidebe. Osakwecha, cholinga n'kungochotsa matope ndi tizilombo. Yang'anani pansi pa mwala uliwonse. Kenaka ikani m'thanki pamalo oonekera, kutsogolo, kuti muziona amene akudya ndi amene sakudya. Ine ndimaika madzulo, nyali itatsala pang'ono kuzima, chifukwa Otocinclus ndi Ancistrus zimamasuka kukachita mdima. Mbuna sizisankha nthawi. Zimaunjikana pamwala dzanja lanu lisanatuluke m'madzi. Kwa izo mwazani miyalayo m'makona osiyanasiyana, apo ayi yamphongo yaukali idzatenga yonse kukhala yake.

Mwala ukayera, kaya ndi pa tsiku limodzi kaya atatu, ubwezeni m'beseni mbali ina, mutenge gulu lachiwiri. Mwala wodyedwa umamera msanga kuposa watsopano chifukwa mbewu zimatsalira m'timing'alu. Apa ndi pamene mudziwire ngati munda wanu ukukwanira: mukafika pa gulu lachitatu loyamba lija lisanabiriwire, onjezerani miyala kapena beseni lachiwiri. Ngati mabeseni awiri akulepherabe, vuto si munda ayi, nsomba zachuluka. Mnzanga wina anafuna kuwonjezera Otocinclus 10 m'thanki ya malita 60. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, yambani mwalima kaye miyala mwezi wathunthu, muone imene mukukolola, ndiye mugule nsomba zolingana nayo." Ndimauza aliyense chimodzimodzi, ndiponso ndimati tinsomba timeneti tisalowe m'thanki yatsopano. Idikire miyezi itatu kapena kuposerapo kuti ikhwime.

Zikapanda kuyenda bwino

Nthawi zina madzi a m'beseni amasanduka obiriwira ngati msuzi wa masamba koma miyala ili mbee. Zimenezo ndi ndere zoyandama, ndipo zikutchinga kuwala kuti kusafike pansi. Tayani madzi onse, muthire ena osaya kwambiri, muchepetse feteleza. Mukapeza ulusi wautali wobiriwira, uzuleni ndi dzanja kapena muukulunge pakamtengo. Mbuna ndi tinsomba tina ta m'thanki totchedwa ma molly zimadya woterewu ukakhala waufupi, koma Otocinclus ayi, ndipo ukalowa m'thanki ya zomera umavuta kuuthetsa.

Choopsa ndi chinthu china chooneka ngati ndere, chobiriwira modera kapena mwabuluu, choterera, chimene chimasendeka ngati chikopa ndipo chimanunkha ngati dothi la m'dambo. Amenewo ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Nsomba za m'thanki zambiri siziwadya, mitundu ina imatulutsa poizoni, ndipo amafalikira pa zomera mofulumira. Mwala wotere usalowe m'thanki. Khuthulani zonse, mukweche miyala, muithire madzi otentha, muiyanike, muyambirenso. Kawirikawiri amabwera madzi akakhala odikha, otentha, ndiponso osasinthidwa nthawi yaitali.

Ndiwo zothandizira

Ngakhale munda ukuyenda bwino, ziphunzitseni nsomba kudya zina, chifukwa idzafika sabata ya mitambo kapena ya ulendo imene miyala sidzakwanira. Nkhaka, zukini, letesi, sipinachi, ngakhale nkhwani wanthete wosadzulidwa bwino, zonsezi zimadyedwa. Tsukani kwambiri, popeza masamba a pamsika ambiri amakhala opoperedwa. A m'dimba lanu ndiye abwino. Viikani m'madzi owira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti afewe ndi kumira, opanda mchere kapena soda, muwaziziritse, muwamangirire pamwala. Zotsala zichotseni pasanathe maola 24 kuti zisaipitse madzi. Ancistrus ndi mbuna zimalandira tsiku lomwelo. Otocinclus kamatha kuzilambalala kangapo, ndiye musataye mtima; mangani kagawo ka nkhaka pamwala wa ndere umene kakudya kale, kadzalawa mosadziwa. Zakudya zogula zokhala ndi spirulina, ufa wobiriwira wonga ndere, n'zabwinonso, koma werengani papaketi: ngati zoyamba kutchulidwa ndi ufa wa nsomba ndi tirigu, spirulina ali kumapeto, si chakudya cha nsomba yodya ndere.

Pomaliza pa zonse, chizindikiro chodalirika chili pamimba. Otocinclus kakakakamira pagalasi lakutsogolo mumaona kunsi kwake bwinobwino. Kokhuta kamakhala ndi kamimba kozungulira ngati kameza kanjere ka nandolo, ndipo mumaona tindowe tobiriwira kapena tofiirira pamasamba. Mimba ikakhala yophwa kapena yolowa m'kati, ikani miyala iwiri yobiriwira kwambiri usiku womwewo pafupi ndi pamene kamakonda kupuma, ndipo m'mawa muyang'anenso.